Mchere wa Dzanja Langa

Pamsika, Mzuzu
17 Juni 1960

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi moni, ndipo ndagwada ngakhale simukundiona. Muli bwanji kwathu ku Mponela? Mwendo uja unkakuvutani nthawi yokolola unaleka kutupa kodi? Nanga mtedza munamaliza kukumba? Ife kuno matupi ali bwino. Rhoda akupita kusukulu tsiku lililonse, ndipo Chitumbuka chake chaposa changa, moti akandiyankha kuti yewo chomene ndimakhala ngati ndikulera mwana wa eni ake. Mlongo wake William wayamba kuthawa kusamba, ndipo sindimukalipira, madzi a kuno mwezi uno amaluma.

Winifred mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera amayi kalatayi. Usapite nayo kwa aphunzitsi, usawerengere pakhonde pali anthu. Lowa nawo m'nyumba, utseke chitseko. Muli mawu ena amene mtsikana satchula pamaso pa make, koma uwatchule basi, usadumphe ngakhale amodzi. Manyazi ndachita kale ine polemba.

Za m'tauni ndilibe zambiri. Nkhungu imatsika m'mawa mpaka osaona tsidya la msewu, kenaka kamvula nkumawaza tsiku lonse, zovala osauma. Boma likumanga maofesi atsopano, ndiye anthu a kwathu achuluka kuno, a ku Dowa, a ku Dedza, a ku Lilongwe, ena amesenjala, ena omanga, ena okumba misewu. Ambiri anasiya akazi kumudzi ndipo masana amasowa kodya. Anthu amenewa ndiwo anali munda wanga. Ndati anali, Amayi, chifukwa nkhani yake ndi yomweyi.

Mukudziwa kuti bambo a Rhoda, a Stanford, ntchito itawathera kuesiteti anakwera ndege ya Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, ndipo Ogasiti akubwerayu zikwana zaka ziwiri. Munandiuza kuti ndibwerere kumudzi, ine ndinakana, ndinati ndiziphika. Ndinamangitsa chisakasa cha udzu pafupi ndi pamene pamaima basi, mabenchi atatu, mafuwa kuseri. Chimanga ndinkakonola ndekha. Nyemba ndinkagula kwa amayi a ku Ekwendeni, usipa kwa a malole a ku Nkhata Bay, nkhwani wotendera tsiku lililonse, Loweruka nyama ya mbuzi. Munthu ndiwo zikamuthera nsima ikadalipo ndinkamuwonjezera osamufunsa. Amuna ena ankati akadya kwa Lenia amalota kwawo. Nthawi yonseyi ana anga sanagone ndi njala, ndipo panalibe munthu wonditchula moipa.

Chimene chinkawakhazika mtima pansi kwenikweni chinali mchere. Inu ndinu namkungwi, munandilanga nokha nditatha msinkhu, kuti mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wayenda ndi mwamuna wamseri, ndi wotentha, sathira mchere m'ndiwo. Akathira, wodyayo amadulika: chifuwa, kutupa miyendo, kuwonda, mapeto ake kumanda. Tsono ine pophikira amuna a eni ake ndinati ndisapereke mpata woti wina aziganizaganiza. Ndinkaphika ndiwo zopanda mchere, mcherewo nkuuika m'kambale pabenchi kuti aliyense azithira ndi dzanja lake. Ena osadziwa ankaseka, ankati ndi ulesi, koma a kwathu ankamva tanthauzo lake ndipo ankandilemekeza nazo.

Mwezi wa Malichi kampani ya Bwana Macpherson ya ku Limbe inatsegula nyumba yake yodyeramo tsidya la msewu, moyang'anizana ndi ine. Winifred anaionapo inzake ku Lilongwe, ija ya utoto wobiriwira yokhala ndi chithunzi cha ketulo pamwamba pa khomo. Akuti ilinso ku Limbe, ku Balaka, ku Kasungu ndi ku Mzimba, paliponse pamene basi imapumira, ndipo zonse n'zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Anthu amangoti pa Ketulo. Pansi ndi simenti, mawindo agalasi, matebulo ndi mipando, wayilesi ikulira tsiku lonse. Ophika ndi amuna okhaokha ovala zisoti zoyera. Mlamu wanga Yona, mng'ono wawo wa bambo a Rhoda uja anamusiya kuti azitiyang'anira, anapeza ntchito momwemo yoperekera mbale.

Kuti musati ndikunyoza chifukwa cha nsanje, ndinapita ndekha kukadya tsiku lina, nditavala chitenje cha kutchalitchi. Amayi, ndinaseka ndekhandekha! Nsima amaphika kamodzi m'mawa mudiramu, ikamafika masana yauma pamwamba ngati chikopa. Nyemba amathira soda wambiri kuti zipse msanga, zimangosungunuka osamva n'komwe fungo la nyemba. Nyama ndi yam'chitini, ya mafuta oundana, ndipo Yona mwini wake anandiuza kuti yotsala amaitenthetsa mpaka masiku atatu. Ndiwo ndi chipande chimodzi, kapitawo ataima pambali kuyang'ana; zikakuthera, zako izo. Madzi osamba m'manja palibe, amakupatsa sipuni. Masamba sadziwa kuti amadyedwa. Zonse amaphika motsata pepala lochokera ku Limbe limene analikhomera pakhoma, Lolemba ichi, Lachiwiri icho, kaya kunja kwatentha kaya kwazizira. Chabwino chimene ndinapezako ndi tiyi ndi buledi. Pamenepo ndisaname, buledi wawo ndi wofewa.

Koma maso a anthu ndi ovuta. Sabata yoyamba onse anakhamukira komweko, kukakhala pampando ndi kumvera wayilesi. Ndinapirira, ndinati mimba idzawabweza, ndipo inawabwezadi, mmodzimmodzi, akuyang'ana pansi ngati ana oba. Kungoti anabwera ndi dandaulo latsopano. Ankati chakudya cha pa Ketulo n'chachabe, inde, koma mchere wake ndi wopsera mumphika, umalowerera, pamene wa kwa Lenia ndi wauwisi, umangokhala pamwamba nkumakukutika m'mano. Apaulendo otsika basi ankalawa kamodzi nkufunsa ngati ndaiwala, ndikawalozera kambale ankapukusa mutu. Tsiku lina kalaliki wina wa ku Zomba anandiuza pamaso pa anthu kuti kuphika kotere n'kwa kumudzi, dziko linasintha.

Mawu amenewo anandilowa. Ndinakawafotokozera a Nyagondwe, mayi wachikulire wa konkuno wogulitsa nkhuni pafupi ndi chisakasa changa, amene wakhala akundisunga ngati mwana wake. Iwo anati ndikungodzivutitsa: mwamuna wanga ali ku Joni, mphasa yanga ndi yozizira, ndiye dzanja langa lingadule ndani? Anati masiku amene ndili kumwezi azithira iwo, popeza anasiya kalekale zimenezo, masiku ena onse ndizithira ndekha. Ndinaganiza masiku atatu. Ndinakumbukira nkhope yanu, ndinakumbukiranso mabenchi opanda anthu. Pakati pa Epulo ndinachotsa kambale kaja nkuyamba kuthira mchere mumphika. Palibe anandikakamiza. Ndinafuna kufanana ndi kampani, ndipo cholakwa changa choyamba ndi chimenecho.

Masabata angapo zinayenda bwino kuposa kale. Mabenchi ankadzaza mpaka ena kudya chiimirire. Bambo wina wopita ku Karonga anandiuza kuti chichokereni ku Limbe wadya nyemba za pa Ketulo kanayi, malo anayi, kukoma kwake kumodzimodzi kwa zii, ndipo kwa ine ndi kumene wakumbukira kuti ali ndi lilime. Ngakhale ophika awiri a pa Ketulo ankazemba masana kudzadyera kuseri kwanga atavula zisoti. Ndinayamba kuganiza zofolera ndi malata. Ha, kupusa kwanga ine!

Pali bambo wina wa ku Dedza, a Ackim, kapitawo wa okumba misewu, amene wadya kwa ine masana alionse chitsegulireni. Mkazi wawo ndi Mabel, timapemphera limodzi, tinkabwerekana ngakhale sefa. Mwezi wa Meyi a Ackim anayamba kutsokomola kwambiri, nkuwonda, miyendo nkutupa. Kuchipatala anawagoneka, ndipo adokotala anati ndi chifuwa chachikulu. Koma abale awo anapitanso kwa sing'anga wina ku Luwinga, ndipo sing'angayo anati ndi mdulo, munthuyu anadya mchere wa mkazi wotentha. Dzina sanatchule. Koma akazi ophikira a Ackim kuno ndi awiri okha, Amayi, Mabel ndi ine.

Lachisanu pa 3 Juni, basi ya ku Mzimba itangofika, anthu atadzaza, Mabel anatulukira. Sanaodire, sanakhale pansi. Anaima pakhomo mwana ali kumbuyo nkufunsa mokweza kuti kambale ka mchere kaja kanapita kuti. Ndinamupempha kuti tipite kuseri tikalankhule ngati akazi. Anakana. Anati mwamuna wake wadya pano zaka ziwiri ali bwinobwino, kambale kangochoka wagwa, ndiye anthu aganize okha. Anati mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni koma dzanja lake likudula anthu, afotokoze amene akumufunditsa. Ananena zimenezo, Amayi, Rhoda ali pomwepo, wangofika kuchokera kusukulu. Kenaka bambo wina wa kwathu ku Dowa konko anabweza m'mbale mbamu imene anali atatema kale, nkusamba m'manja, nkutuluka. Anzake anamutsatira, ena osandiyang'ana n'komwe. Anatsala apaulendo atatu amene sanamve kuti nkhani ndi yotani.

Ndamukwiyira Mabel mpaka chakudya osalowa, koma ndikaganiza bwino ndimamumvetsa. Alamu ake anayamba amukhazika pansi iyeyo. Ukapanda kukhala mchere wanga ndiye kuti ndi wake, ndipo ukwati umene uthe ndi wake. Sindikuti iye anachita kanthu, ayi, Mulungu andikhululukire. Ndikungoti anamuika pamoto, iye nkundikokerapo ine.

Lamulungu lake ndinapita kuchipatala nditatenga nthochi, chinthu choti sichifuna mchere. A Ackim atha, Amayi, angotsala maso. Ndinagwada pambali pa bedi nkuwafunsa ngati iwonso akukhulupirira zimenezi. Ananong'ona kuti anayamba kulavula magazi mvula isanathe, kambale kaja kadakali pabenchi, koma anabisa poopa kuchotsedwa ntchito. Ndinawachonderera kuti anene zomwezo pamaso pa anthu. Anati akanena, abale awo sasiya za mdulo, angotembenukira kwa Mabel, ndipo iwo akafa ana awo awalera ndani. Atatero anatembenukira kukhoma. Nthochi zija ndinazipeza m'mawa mwake zitatayidwa pakhomo panga.

Pamenepo ndinachita cholakwa chachiwiri. Ndinabwezera kambale ka mchere pabenchi, ndinati anthu akakaona mitima ikhala pansi. Kalanga ine! Mbiri inathamanga msika wonse kuti Lenia wavomera, akanakhala woyera akanabwezeranji. Ndiye ndikathira ndine wakupha, ndikaleka ndine wovomera. Ndinadya ndiwozo ndekha pakhomo anthu akuona, anati mwini dzanja sadzidula. Ana anga anadya, anati ndimawaphikira mphika wina. A Nyagondwe anadya mpaka kunyambita zala, uku akukalipira odutsa m'Chitumbuka, anthu anati nanga si iwowo anandipatsa nzeruyo.

Ndinapita kwa a Boniface, mkulu wa mpingo, wa ku Lilongwe. Anandilandira bwino, anati Akhristu sitikhulupirira za mdulo, n'zamdima, ndipo anandipempherera pemphero lalitali mpaka ndinalira. Ndinawapempha kuti ngati ndi choncho adzadye kwa ine mawa lake masana, anthu aone. Anavomera. Anabweradi, anakhala pabenchi, koma nditabweretsa madzi osamba m'manja anati m'mimba simuli bwino, angomwako madzi akumwa. Patangopita kanthawi ndinawaona pawindo la pa Ketulo, sipuni ili m'manja.

Tsopano masabata awiri ndikuphika nkumataya. Ndimadzuka, ndimakoleza moto, ndimatendera nkhwani monga kale, chifukwa ndikapanda kutsegula adzati ndathawa. Fungo limawoloka msewu, ndimawaona akumeza malovu, koma nkulowa ndithu pa Ketulo kukadya nyama yadzana. Ndinamuimitsa mmodzi nkumufunsa ngati manja a ophika kumeneko, anyamata osakwatira ogona kumowa, ndiwo ozizira. Anati mchere wa kampani ulibe mwini, umabwera wopima kale m'timapepala kuchokera ku Limbe, wophika amangong'amba nkukhuthula. Ndiye chakudya choipa chilibe mlandu chifukwa palibe akumudziwa wophika, changa chabwino chili ndi mlandu chifukwa amandidziwa dzina ndi pogona pomwe. Mutu wanga waima, Amayi. Nthawi zina ndimayang'ana dzanja langali nkumalifunsa ngati pali chimene ndinakhudza osadziwa, ine wodziwa bwinobwino kuti palibe.

Lachiwiri kapitawo wa pa Ketulo anawoloka msewu kudzandiona, wovala bwino, waulemu wake. Anati wamva za mavuto anga ndipo akundimvera chisoni. Anati ndikatseka chisakasa angathe kundilemba ntchito yotsuka miphika kuseri, kumene odya sandiona, bola ndisayandikire moto. Anatinso mabenchi anga angawatenge, aike panja pokhala odikira basi. Ndinamuthokoza, nanga ndikanatani. Atachoka a Nyagondwe anamulavulira malovu m'mapazi mmene anaponda, ine ndinalowa kuseri nkukhala pansi pafupi ndi mafuwa mpaka moto unazima.

Koma chisakasa chikagwa chigwe, ndingathe kugulitsa nkhuni kapena kubwera kudzalima. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Bambo a Rhoda analemba kuti afika sabata yoyamba ya Ogasiti. Dzulo Yona anabwera kunyumba atavala jekete loyera la kuntchito. Ndinamuyalira mphasa, sanakhale. Mlamu amene tinkaseka naye, amene ndinamuphikira chaka chathunthu asanapeze ntchito, anaima pakhomo ngati wapolisi. Anatulutsa kalata m'thumba, yomata kale, yopita kwa mkulu wake. Anati mkulu wakeyo anamusiya kuti akhale maso, ndipo sangalole kuti mkulu wake adzatsike basi nkumva nkhaniyi kwa anthu a pamsika, kapena adzadye mchere wanga asakudziwa.

Mukuwadziwa bambo a Rhoda, Amayi. Ndi munthu wabwino, sanandimenyepo, koma safunsa kawiri, ndipo mawu a mng'ono wawo samawakayika. Akawerenga kalata imeneyo ali kumgodi, pakati pa anzawo amene amasekana tsiku ndi tsiku za akazi otsala kumudzi, kuno sadzafikanso. Akadzafika ndiye kudzangotenga katundu wawo. Ndawadikira zaka ziwiri, ndawachapira malaya awo a kutchalitchi kangapo konse kuti asachite nkhungu, ndiye ukwati wanga uthe chifukwa cha mchere wodzaza chikhatho?

Ndinagwira miyendo ya Yona, ine mkazi wa mkulu wake. Ndinamupempha kuti anene chimene ndichite kuti akhulupirire. Anaganiza, kenaka anati pali munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ndinu. Anati a ku Dowa onse ali kuno amakudziwani, ambiri akazi awo munawalanga ndinu. Anati namkungwi sangadye mchere wokayikitsa, ndipo palibe mwana angapatse make ndiwo zoti zimuphe. Mukabwera nkukhala m'chisakasa masiku atatu, ine nkumathira mchere mumphika anthu akuona, inu nkumadya, iye adzang'amba kalatayo pamaso panga, ndipo adzakhala woyamba kusamba m'manja nkudya nanu. Wandipatsa mpaka pa 15 Julayi. Tsikulo likadutsa akaiponya ku positi.

Tsono ndikuuzeni ine mwini, inu musanafunse. Chichokereni bambo a Rhoda palibe mwamuna wakhudza ngakhale nsonga ya chitenje changa. Ondifuna analipo, sindibisa. Woyendetsa lole wina anandivutitsa miyezi itatu mpaka ndinamuthira madzi otsukira mbale, a pamsika onse anaona ndipo anaseka, lero aiwala. Masiku anga a kumwezi sindinakhudze mchere ngakhale kamodzi, a Nyagondwe ndi mboni. Ndinalakwa kuchotsa kambale, ndinalakwa kusirira za kampani, mudzandikalipire zimenezo mmene mungafunire. Koma chinacho sindinachite.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi: bwerani. Ndikudziwa kuti simunakwerepo basi kupitirira Kasungu. Ndikudziwa kuti ndi masiku awiri, kugona pabenchi ku Mzimba, kenaka msewu wokhotakhota wa m'mapiri a Viphya umene umasanzitsa ngakhale amuna. Ndalama ya ulendo ndaika m'kalata muno, Winifred asunge, ndipo ngati angathe akuperekezeni. Sindikuti mudzadye mwachimbulimbuli chifukwa ndine mwana wanu. Mukafika mudzanditengere kuseri, mudzandiyang'ane m'maso nkundifunsa monga mumafunsira anamwali. Chibadwireni changa simunalepherepo kugwira bodza langa. Mukadzaona kuti ndikunama mudzakankhe mbaleyo pamaso pa onse, ine ndidzalandira.

Ndinenenso choopsa chake, musadzati ndinakubisirani. Kuno kukuzizira koposa kwathu, ndipo alendo ambiri amayamba chimfine sabata yoyamba. Inu mwakula. Mukadzadya ndiwo zanga nkutsokomola ngakhale kamodzi pagulu, adzati wadula ndi make yemwe, ndipo sipadzakhalanso wondiwombola. Ndaganiza zimenezi mpaka mutu kuwawa. Mutenge mabulangeti onse awiri ndi mpango wokhuthala uja. Ine nkhuni ndaunjika kale, a Nyagondwe andipatsa zouma zokhazokha, ndipo mudzagona pakati pa ana. Ndikukuikani pamavuto, ndikudziwa, mwana wabwino sakanatero. Koma ndayang'ana uku ndi uku, ndilibe wina.

Mundiperekere moni kwa malume, koma nkhaniyi asaimve kaye, angabwere ndi ukali nkuwononga zonse. Moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi ana onse a pakhomo. Apongozi anga mukakumana nawo kutchalitchi muwauze kuti adzukulu awo ali bwino, musapitirire pamenepo. A Nyagondwe akuti monile, akukudikirani ngati mbale wawo. Rhoda akuti agogo amutengere mtedza. Sanandifunsepo kanthu za tsiku lija, koma wasiya kudzera pamsika pochokera kusukulu, amazungulira njira ya kumtsinje.

Musayankhe ndi kalata, Amayi, kalata singadye ndiwo. Basi ya ku Mzimba imafika Lachiwiri ndi Lachisanu masana. Ndiziima pakhomo la chisakasa nkumayang'ana aliyense wotsika. Yona nayenso aziyang'ana pawindo la kuntchito kwake, ndipo wanena kale kuti mayi akapanda kubwera kudzadya za mwana wake, iye safunanso umboni wina.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu wosowa pogwira,
Lenia